Kodi Lamulo Limkhulupirire Munthu Wamalonda?

M'mawa wa pa 17 Disembala 2010, m'tauni ya Sidi Bouzid pakati pa dziko la Tunisia, mnyamata wina wa zaka 26, dzina lake Mohamed Bouazizi, adakankha kangolo kake ka zipatso kupita nako kumsewu, monga adali kuchitira masiku onse. Bambo ake adamwalira iye ali ndi zaka zitatu zokha, ndipo kangoloko ndiko kadali kudyetsa mai ake ndi azing'ono ake. Zipatso za tsikulo adazitenga pangongole. Dzuwa lisanafike pamutu, adatulukira antchito a khonsolo ya tauniyo, namlanda katundu pamodzi ndi sikelo yake, ati popeza adalibe chilolezo chogulitsira pamenepo. Iye adapita ku ofesi ya bwanamkubwa wa chigawocho kukadandaula, koma padalibe womlola kulowa kapena womtchera khutu. Ndipo pakhomo pomwepo adadzithira mafuta nadziyatsa moto. Adamwalira m'chipatala pa 4 Januwale 2011, ndipo patangopita masiku 10 Pulezidenti Zine El Abidine Ben Ali, amene adalamula dzikolo zaka 23, adathawira ku Saudi Arabia.

Chipwirikiti chimene chidabuka pambuyo pake ku Egypt, ku Libya, ku Yemen ndi ku Syria ambiri a ife tidachimva pa wailesi, ndipo sindicho tifuna kukambapo lero. Sitiyamikira chimene mnyamatayu adachita ndi moyo wake, komanso si kwathu kumuweruza. Maso athu ali pa sikelo ija. Sikelo ndi kanthu kakang'ono, koma munthu wamalonda akaiika patsogolo pake ali kunena kwa wogula kuti: musangomvera mau anga, dzionereni nokha. Ndiyo mboni yake yakuti sali kuba. Tsono boma likabwera kudzanyamula mboni imeneyi, liri kumuuza chiyani munthuyo?

Pamenepa pagona funso limene maboma a maiko a Aluya akhala akulimbana nalo kuyambira chaka chimenecho, ngakhale iwo amalitcha maina ena, monga kukonza malamulo a zamalonda, kapena kulimbikitsa achinyamata kuyambitsa mabizinesi. Funsolo nali: munthu wofuna kudya thukuta lake, wosapempha ntchito kwa wina aliyense, wosapempha chithandizo, kodi lamulo limlandire ngati munthu woona mpaka atapezeka ndi mlandu, kapena limuyese mbala imene sinagwidwe chabe? Pakuti lamulo lirilonse liri ndi maso ake, ndipo ngakhale mau ake akhale osalala chotani, munthu wamba amadziwa msanga mmene lamulolo likumuonera.

Tikumbuke kuti Aluya sadayambe lero malonda. Ngakhale makolo athu a m'mbali mwa nyanja adawadziwira pa malonda, ena mwa malondawo owawa kuwakumbukira. Mecca udali mzinda wa amalonda, ndipo Muhammad mwini, asanayambe kulalika, adali kuyendetsa malonda a mai wina wachuma, Khadija, amene pambuyo pake adakhala mkazi wake. M'misika yakale ya Cairo, Damascus ndi Fez mudali mkulu wina wotchedwa muhtasib, amene ntchito yake idali kuyendera msika, kuyesa masikelo ndi miyeso, ndi kuona kuti wophika buledi sasakaniza ufa ndi zinthu zosayenera. Taonani kusiyana kwake. Mkulu uja adali kubwera kudzaona ngati sikelo ikunena zoona, ndipo ikapezeka yoona mwini wake adali kupitiriza malonda ake mwamtendere. Funso la antchito a ku Sidi Bouzid silidali lakuti sikelo ikunama kapena ai. Lidali lakuti pepala liri kuti.

Nanga pepalali lidakula bwanji mpaka kuposa sikelo? Maiko ambiri a Aluya atalandira ufulu wodzilamulira, maboma ao adadziika okha pamalo pa kholo lodyetsa ana onse. Ku Egypt, Gamal Abdel Nasser adatenga mabanki ndi makampani akuluakulu kukhala a boma mu 1960 ndi 1961, ndipo m'zaka zomwezo boma lidalonjeza ntchito kwa aliyense womaliza maphunziro a ku yunivesite. Ku maiko a mafuta, monga Saudi Arabia ndi Kuwait, ndalama za mafuta zidalemba ntchito nzika zambiri m'maofesi a boma. Cholinga sichidali choipa. Koma kumene boma liri mwini wa zonse, munthu wodziyambira chake amaoneka ngati mwana wosamvera, woyenera kumuyang'anitsitsa. Kenaka ana adachuluka, mphika osakula. Omaliza maphunziro adayamba kudikira zaka zambirimbiri pamzere wa ntchito za boma. Mtengo wa mafuta nawo udagwa mu 2014. M'chigawo chimenechi pafupifupi mmodzi mwa achinyamata anai alionse ofuna ntchito saipeza, ndipo ndi zigawo zochepa pa dziko lapansi zimene zifika pamenepo. Tsono kholo lija lidatembenuka n'kuuza ana ake kuti: dziyambireni zanu. Mu 2016 Saudi Arabia idalemba m'ndondomeko yake ya Vision 2030 kuti ifuna gawo la mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati pa chuma cha dzikolo likwere kuchoka pa 20 kufika pa 35 mwa 100 alionse.

Kuuza mwana kuti tuluka ukadzilimire n'kosavuta, koma chitseko chidali chitapiringidzidwa ndi mipiringidzo ya zaka makumimakumi. Katswiri wa zachuma wa ku Peru, Hernando de Soto, ndi gulu lake adachita chinthu chimene akulu a boma sachita kawirikawiri: adalondola njira imene munthu wamba ayenera kuyenda, nawerenga makomo onse. Adapeza kuti ku Egypt munthu wofuna kugula ndi kulembetsa malo a boma a m'chipululu adayenera kudutsa masitepe 77 m'maofesi 31, ulendo wa zaka 5 mpaka 14, ndiponso kuti kutsegula kanyumba kophikira buledi motsata lamulo kudali kutenga masiku opitirira 500. Atamwalira Bouazizi, gulu lomweli lidapita ku Tunisia, niliwerengera kuti mnyamatayo akadafuna kulembetsa kabizinesi kake akadadutsa masitepe 55 m'masiku 142. Kodi munthu wodya za tsiku lomwelo angakhale ndi masiku 142 oyendera maofesi?

Tisafulumire kunena kuti onse olemba malamulo amenewa adali oipa mtima. Lirilonse palokha lidali ndi chifukwa chake: ili n'loteteza wogula ku zakudya zoola, ilo n'lakuti misewu isatsekeke, lina n'lakuti msonkho usazembedwe. Koma malamulo akachuluka kufikira pakuti palibe wosauka angawasunge onse, osauka onse amasanduka olakwa, ndipo wolakwa sakweza mau. Akalandidwa katundu sangapite kukhoti, pakuti kukhotiko adzayamba wafunsidwa za pepala. Akafuna ngongole ku banki alibe choonetsa. Chotsala n'kupereka kangachepe kwa wantchito wa khonsolo kuti ayang'ane kumbali, lero, mawa ndi mkuja. Chiphuphu chotere ndi msonkho ndithu, koma msonkho wosamanga sukulu kapena chipatala. Ndipo chimaononga anthu awiri, pakuti wantchito uja, amene mwina malipiro ake ngochepa, amazolowera kuona kusauka kwa mnzake ngati munda wake wokololamo.

Palinso china choipa koposa. Mipiringidzo ina sidangochuluka mwangozi, idaikidwa dala. Mu 2014 akatswiri a World Bank adafufuza makampani 220 a banja la Ben Ali ndi achibale ake, amene boma latsopano lidalanda. Adapeza kuti makampaniwa, ngakhale adalemba ntchito pafupifupi munthu mmodzi yekha mwa 100 alionse ogwira ntchito m'makampani osakhala a boma, adali kutenga magawo 21 mwa 100 a phindu lonse la makampani otero. Chinsinsi chake chidali chakuti ambiri a iwo adali m'malonda amene munthu sangalowemo popanda chilolezo cha boma, monga a matelefoni, a mtengatenga ndi a nyumba, ndipo banjalo likalowa m'malonda ena, malamulo otsekera anthu ena kunja adali kutsatira pambuyo. Akulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chodabwitsa n'chakuti mwana wa m'dziko lomwelo, Ibn Khaldun, wobadwira ku Tunis mu 1332, adachenjeza kale m'buku lake la Muqaddimah kuti mfumu ikayamba kuchita malonda imafooketsa anthu ake, popeza palibe angapikisane nayo, ndipo mapeto ake msonkho umene umachepa. Chenjezo limeneli silidakalambe. Ku Egypt makampani a gulu lankhondo akhala akupanga simenti ndi kugulitsa madzi a m'mabotolo ndi mafuta a galimoto, kotero kuti wamalonda wamba amapikisana ndi mwini chidindo.

Tsopano tinene zabwino, pakuti ziripo. Mu 2018 Saudi Arabia idalola amai kuyambitsa bizinesi popanda kuonetsa chilolezo cha mwamuna wowayang'anira, chaka chomwecho chimene adaloledwa kuyendetsa galimoto. Mu 2020 Egypt idakhazikitsa lamulo lopatsa mabizinesi osalembetsa chilolezo chongoyembekezera, cha zaka mpaka 5, kuti akonze mapepala ao ntchito iri mkati, ndipo lidaika msonkho wodziwikiratu wa mapaundi a ku Egypt 1,000 pachaka kwa ang'onong'ono. Kuyambira 2021, ku United Arab Emirates mlendo angathe kukhala mwini wa kampani yonse m'malonda ambiri, pamene kale adayenera kupeza nzika yotenga magawo 51 mwa 100. Koma lamulo limene lidatchuka kopambana ndi la dziko la Tunisia lomwelo, la mu Epulo 2018, lodziwika ndi dzina lakuti Startup Act.

Lamuloli n'lokoma kuliwerenga, ndipo lidalembedwa mothandizana ndi achinyamata eni ake a mabizinesi. Munthu wapantchito, ya boma kapena ya kampani, wofuna kuyesa nzeru yake, amapatsidwa tchuthi cha chaka chimodzi, chotheka kuonjezera chaka china, ndipo zikakanika amabwerera pampando wake. Oyambitsa kampani, mpaka atatu, amalandira kandalama mwezi ndi mwezi kwa chaka chathunthu kuti njala isawagwetse poyembekezera phindu. Kampaniyo siilipira msonkho wa phindu, ndipo imaloledwa kusunga ndalama zakunja, chinthu chovuta kwambiri m'dzikomo. Apa tiona lamulo lomkhulupirira munthu, lomuuza kuti yesa, ukagwa sitikuseka. Maiko a Senegal ndi Nigeria adatengerako chitsanzo.

Koma likumkhulupirira munthu uti? Kuti kampani ilandire mwai umenewu iyenera kukhala ya nzeru zatsopano, kawirikawiri za makompyuta ndi intaneti, ndi yoyembekezeka kukula msanga. Pali komiti younika zimenezi. Wogulitsa zipatso sali m'gulumo. Wokonza nsapato, mai wosoka zovala, mmisiri wa matabwa, onsewa ali kunja. Lamulo la anthu otere, lowalola kulembetsa mosavuta ngati odzilemba okha ntchito, lidasainidwa mu Juni 2020, koma njira yolembetsera idatsegulidwa kumapeto kwa 2024. Lamulo la ophunzira lidayamba kugwira ntchito patangotha chaka chimodzi. La anzake a Bouazizi lidabwera patapita zaka pafupifupi 10 iye atamwalira, nilidikiranso zaka zina zinai m'kabati.

Wina anganene kuti tikuchitira nsanje ophunzira, ndipo ali ndi mfundo. Dziko limene madokotala ndi mainjiniya ake akusamukira ku France ndi ku Germany liyenera kuchitapo kanthu kuti liwasunge. Kampani imodzi yotere ingabweretse chuma chimene ngolo zikwizikwi sizingabweretse: InstaDeep, imene idayambira ku Tunis mu 2014, idagulidwa ndi kampani ya ku Germany ya BioNTech mu 2023 pa mtengo wa mapaundi a ku Britain mamiliyoni mazanamazana. Sitikana zimenezo. Koma m'banja, mwana amene mumayamba kumgawira ndiwo masiku onse ndiye amadziwika kuti ngwapamtima, ngakhale mutalumbira kuti mumawakonda onse mofanana. Ndipo nthawi zina tikayika ngati changu chimenechi chiri cha ana okhaokha, pakuti kwina chimaoneka ngati chofuna kukondweretsa alendo. Kwa zaka zambiri World Bank idali kusindikiza mndandanda wotchedwa Doing Business, woika maiko pa nambala potsata kuphweka kwa malonda m'maikomo, ndipo maboma adali kupikisana kukwera pamndandandawo ngati ana a sukulu pa mayeso. Mu 2021 mndandandawo udathetsedwa zitadziwika kuti manambala a maiko ena, kuphatikizapo Saudi Arabia ndi United Arab Emirates, sadawerengedwe moyenera. Nyumba yosesedwa pabwalo pokha chifukwa kukubwera alendo tonse timaidziwa.

Komabe mmene lamulo limamuonera munthu zimaoneka bwino koposa pamene munthuyo wagwa. Aliyense wodziwa malonda adziwa kuti mabizinesi ambiri atsopano amafa asanakule, ndipo kawirikawiri popanda wolakwa: mitengo yasintha, wogula wamkulu walephera kulipira, mwini wake wadwala. Koma m'maiko ambiri a Aluya, mpaka posachedwapa, kulephera kubweza ngongole kudali njira ya kundende. Mwambo wake udali wotere: wofuna katundu pangongole, kapena nyumba ya lendi, adali kulemba cheke cha deti la m'tsogolo, tsikulo likafika ndalama mulibe m'banki, chekecho chidali kusanduka mlandu wa upandu. Ku Tunisia chilango chake chidali zaka 5 pa cheke chimodzi. Chuma cha Dubai chitagwedezeka mu 2009, nyuzipepala zidasimba za magalimoto osiyidwa pabwalo la ndege, ena makiyi ali momwemo, eni ake atathawa m'dzikomo poopa ndende.

Ku Jordan nkhani yake njomvetsa chisoni koposa. Bungwe la Human Rights Watch lidalemba mu 2021 kuti m'chaka cha 2019 akaidi pafupifupi 16 mwa 100 alionse m'dzikomo adali m'ndende chifukwa cha ngongole kapena macheke. Kuli mpaka dzina la amai ogwa m'vuto limeneli, gharimat: amai amene adatenga ngongole zing'onozing'ono, zambiri zoti ziwathandize kuyamba malonda, mwina ndalamazo n'kuthera pa mankhwala, pa lendi, kapena m'thumba la mwamuna, kenaka iwo n'kumabisala poopa apolisi. Mu Malichi 2019 Mfumu Abdullah II idapempha mtundu wonse kuti usonkhe ndalama zowaombolera. Taganizani, awerengi: dzanja limodzi la dziko likukodola mai kuti limba mtima, yamba bizinesi, pamene dzanja linalo lagwira unyolo. Ndani wanzeru angayese chinthu chatsopano ngati mtengo wa kulephera uli kusiya ana ake okha panyumba?

Pa ichi maboma asinthadi. United Arab Emirates idakhazikitsa lamulo la mabizinesi ogwa mu 2016, ndipo kuyambira Januwale 2022 cheke chobwerera chifukwa chosowa ndalama si mlandunso wa kundende, pokhapokha patakhala chinyengo. Egypt ndi Saudi Arabia adakhazikitsa malamulo ao mu 2018, opatsa wamalonda wovutika mpata wokambirana ndi omkongoza ndi kukonzanso zinthu asanatseke. Jordan mu 2022 idachotsa ndende pa ngongole zosafika madinar 5,000. Tunisia idasintha lamulo lake la macheke mu 2024. Ife tiyesa kuti ichi ndicho chachikulu pa zonse zimene zasinthidwa, ngakhale sichitchuka ngati Startup Act, chifukwa chikuvomereza kuti kugwa n'kwina, kuba n'kwina.

Koma nkhaniyi siitha msanga chotero, ndipo tikadanama tikadaithera pamenepa. Wokongoza naye ndi munthu. Kawirikawiri si banki yaikulu ai, koma mnzake wa pamsika womwewo, amene adampatsa matumba a ufa pokhulupirira kapepala, ndipo naye ali ndi ana odyetsa. Akulu adati mlandu suola. Kodi ngongole ndiyo iole? Ndipo pali chinthu china chowawa kuchivomereza. Munthu wachuma akafuna ngongole amaonetsa nyumba kapena munda wolembetsa. Wosauka alibe chikole china koma ufulu wake. Cheke chija chidali kunena kuti: ndikapanda kulipira, mundimange. Choipa chomwecho ndicho chidali kumtsegulira chitseko cha sitolo. Ku Tunisia, lamulo latsopano litayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2025, ndi njira yakuti wolandira cheke ayambe watsimikiza kuti ndalama ziripo, macheke adachepa kwambiri, ndipo mabanja ambiri amene adazolowera kugula firiji, mipando kapena zovala polipira pang'onopang'ono adapeza kuti njirayo yatsekeka. Eni masitolo nawonso adadandaula kuti malonda atsika. Wosauka adapepukidwa ku mantha a ndende, koma adatayanso womkongoza.

Kodi tsono ndende ibwerere? Ai ndithu. Chikole chimene chiri thupi la munthu sichiyenera kulandiridwa, ngakhale mwini wake atachipereka ndi manja awiri, pakuti amachipereka chifukwa chosowa pogwira. Maiko adagwirizana kale, m'pangano la United Nations la 1966 la ufulu wa anthu, kuti munthu asamangidwe chifukwa chongolephera kukwaniritsa zimene adapangana ndi mnzake. Komanso munthu ali m'ndende sabweza kanthu. Koma boma likachotsa ndodo liri ndi udindo woika china m'malo mwake, kuti kukhulupirirana kukhale ndi poponda. Pafunika makhoti oweruza msanga milandu ing'onoing'ono, kuti wokongoza asadikire zaka. Pafunika kaundula wa anthu obweza bwino, kuti mbiri yabwino ya munthu ikhale chuma chake. Pafunikanso njira yakuti zinthu zimene wosauka ali nazodi ziwerengedwe ngati chikole. Egypt idatsegula kaundula wa mtundu wotsirizawu mu 2018, momwe makina kapena katundu wa m'sitolo angalembedwe kuti aimire ngongole. Ntchito imeneyi njochedwa ndi yosaoneka, yoti nduna singajambulitse nayo chithunzi, koma popanda iyo chifundo cha lamulo chimalipiridwa ndi osauka omwewo.

Chatsala n'chinthu chimene nyumba ya malamulo singachilembe. Morocco ndi limodzi mwa maiko amene adamganizira msanga wamalonda wamng'ono. Mu 2015 lidakhazikitsa lamulo lolola munthu kulembetsa yekha, ngakhale kudzera ku positi ofesi, popanda kukhazikitsa kampani, n'kumalipira msonkho wochepa kwambiri, 1 kapena 2 mwa 100 a zimene wagulitsa, umene pambuyo pake udatsitsidwanso. Anthu mazana a zikwi adalembetsa. Lamulo labwino ndithu.

Koma pa 28 Okutobala 2016, m'tauni ya m'mbali mwa nyanja ya Al Hoceima, akuluakulu a boma adalanda nsomba za wamalonda wina, Mouhcine Fikri. Nsombazo zidali za mtundu umene lamulo limaletsa kupha m'nyengo imeneyo, monga momwe nyanja yathu imatsekedwera kuti nsomba ziswane, ndipo lamulo lotere tonse tilivomereza, pakuti nyanja ikatha nsomba amalonda omwewo ndiwo adzayamba kulira. Apa boma silidalakwe pofunsa. Koma kudalamulidwa kuti nsombazo, pafupifupi makilogalamu 500, ziponyedwe m'galimoto yonyamula zinyalala, mwini wake akuona. Fikri adakwera m'galimotomo kuti apulumutse mpamba wake, makina ophwanya zinyalala adayatsidwa, ndipo adafera momwemo. Anthu zikwizikwi adatuluka m'misewu ya mizinda ya Morocco, ndipo m'chigawo cha Rif zionetsero zidapitirira mpaka chaka chotsatira.

Padali njira zambiri zosungira lamulo la nsomba usiku umenewo. Akadatha kumlipitsa chindapusa, kumuitanira kukhoti, kapena kusunga nsombazo mpaka woweruza atamva mbali zonse. Zonsezi zimafuna kuti wogwira chidindo aone kuti amene waima patsogolo pake ndi munthu woti n'kukamba naye. Komabe tisamsenzetse katundu yense wantchito wamng'ono, pakuti iye amawaona anthu monga momwe akuluakulu ake adamphunzitsira kuwaona, ndipo zinthu zikaipa ndiye amaponyedwa patsogolo. Ku Sidi Bouzid kuja, mai wa khonsolo amene mbiri idawanda kuti adammenya mbama Bouazizi adamangidwa Ben Ali akali pampando, kuti mkwiyo wa anthu uzizire. Iye adakana mlanduwo, ndipo khoti lidammasula mu Epulo 2011, atakhala m'ndende miyezi yoposa itatu. Naye adali wantchito wa malipiro a pamwezi, wotumidwa kumsika kukasunga malamulo amene sadalembe ndi iye. Pamene adali kutuluka m'ndendemo, amene adakhala pamwamba pa malamulowo zaka 23 adali atakhazikika kale m'nyumba ina ku Jeddah.